Mwanabere wosaphwa

 Ndakhala chete nthawi yaitali, ndikudziwa. Teremu yathayi inali ya mayeso, ndipo amene munagwirako cholembera chofiira mukudziwa kuti mapepala a Fomu 4 akaunjikana patebulo munthu suganizanso zolemba zako. Koma pali nkhani ina imene ndakhala nayo pamtima zaka zingapo. Sabata yathayi mng'ono wanga anandilola kuti ndiifotokoze, bola ndisatchule dzina lake ngakhale kumene amakhala. Nkhaniyi ndi yake, koma mbali ina ikukhudza inuyo amene munadutsa m'kalasi mwanga.

Ndiyambe n'kuulula. Ndaphunzitsa Bayoloje zaka zoposa 20. Chaka chilichonse tikafika pa mutu wa chitetezo cha m'thupi, ndinkalemba pabolodi chiganizo chimodzimodzi, inu n'kumakopera m'makope mwanu: mwanabere akatupa ndiye kuti thupi likulimbana ndi tizilombo, ndipo nkhondoyo ikatha amaphwa yekha. Ndinkapereka chitsanzo cha chilonda cha kuphazi. Ukapunthwa pachitsa, chala n'kutukusira, m'mphechepeche mumatuluka mwanabere. Nonse munkavomera chifukwa ambiri a ife tinakula tikuthamanga opanda nsapato. Chiganizocho n'choona nthawi zambiri. Vuto lake ndinkachilemba ngati kuti n'choona nthawi zonse, mpaka inenso ndinafika pochikhulupirira choncho.

M'chaka cha 2018, Loweruka lina m'mawa, mng'ono wanga anafika kunyumba pa njinga yake. Iye ndi kalipentala, bambo wa ana atatu. Wakhala akumwa ma ARV kuyambira 2011 ndipo sabisa zimenezi kwa abale ake. Ndi munthu wosunga nthawi pa mankhwala kuposa mmene ine ndimasungira nthawi ya piriyodi yoyamba. Titamwa tiyi anatsitsa kolala ya malaya.

"Achimwene, tandigwirani apa."

Ndinagwira. Mbali zonse ziwiri za khosi munali timibulu tolimba pang'ono ngati nyemba zonyika m'madzi, ndipo tina tinali m'khwapa. Sizinkapweteka.

"Ndi mwanabere ameneyu," ndinatero. "Uli ndi chilonda penapake, kapena dzino? Usadandaule, aphwa yekha."

Anavala bwino malaya ake n'kupita mtima uli m'malo, poti mphunzitsi wa Bayoloje wanena.

Patatha mwezi anayamba kutentha thupi madzulo aliwonse. Usiku ankatuluka thukuta mpaka alamu ankasintha zofunda. Chakudya chinasiya kulowa, thupi linayamba kutha. Kuchipatala cha kwawoko anamuyeza malungo kawiri konse, sanawapeze. Anamuyeza makhololo, sanapeze kanthu. Koma munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, akuonda, akutuluka thukuta usiku, khosi lili ndi zotupa, kuno kwathu aliyense amayamba kuganizira TB, ndipo kawirikawiri amakhala akulondola. Anamuyambitsa mankhwala a TB a miyezi 6. Ine sindiwaimba mlandu anthu amene anachita zimenezi. Ndikanakhala pampando wawo, mzere wa odwala uli mpaka panja, ndikanachitanso chimodzimodzi.

Patadutsa masabata awiri anapezako bwino. Kutentha kunaleka, anadya nsima, anabwerera ku shopu yake kukamaliza chitseko chimene anachisiya. Ndinamuuza kuti, "Waona? Ndinakuuza." Mwezi wotsatira zonse zinabwerera, mwamphamvu kuposa poyamba. Miyendo inatupa. Mimba inakula mbali ya kumanzere, ndipo anatiuza kuti ndi kapamba. M'maso ndi m'manja munayera. Anamuwonjezera magazi, anadzukanso, kenako anagwanso. Matendawo ankabwera, kupita, n'kubweranso.

Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene chimandichititsabe manyazi. Ndinapita kunyumba kwake madzulo ena, ndinamupeza atagona pamphasa pakhonde, ndipo ndinamulankhula ngati mwana wa Fomu 1 amene sanalembe ntchito.

"Iwe, unene zoona. Mankhwalawa ukumwa, kapena ukudumphitsa? Mankhwala a TB salephera munthu akamamwa bwino."

Sanandiyankhe. Anangotembenukira kukhoma. Amene anayankha ndi alamu, atagwada pakhomo, mawu ali pansi.

"Alamu, mankhwalawo ndimawapatsa ndine ndi dzanja langali, ndipo sindichoka mpaka atameza. Ngati pali wolakwa ndiye ndine. Koma munthuyu sakuchira."

Ndinabwerera kwathu usiku umenewo osadya. Kumudzi nako kunali kukambidwa zina. Chaka chimenecho anali atangofolera nyumba yake ndi malata, ndiye ena anayamba kunong'ona kuti pali amene sanasangalale nazo. Malume athu anafuna kuti timutengere kwa sing'anga. Ine ndinakana mwaukali, koma ndikamaganiza lero, yankho limene ndinali nalo silinali labwino kuposa lawo. Iwo ankaloza mfiti, ine ndinkaloza wodwalayo.

Amene anatitsegula maso ndi mmodzi wa inu. Tsiku limene tinapita kukamuwonjezera magazi kachiwiri, ndili pabenchi ndi kabuku kake ka kuchipatala m'manja, ndinamva mawu akuti, "Sala!" Anali mtsikana amene ndinamuphunzitsa kalekale, wokhala kutsogolo kufupi ndi zenera, tsopano atavala gauni yoyera. Tinapatsana moni, anafunsa chimene chandibweretsa, ndinamupatsa kabukuko. Anawerenga tsamba ndi tsamba osalankhula. Kenako anafunsa funso limodzi.

"Sala, kodi anachotsako chotupa chimodzi n'kukachipima?"

Ndinati ayi. Anati munthu amene wamwa mankhwala a TB miyezi yoposa iwiri mokhulupirika koma zotupa zili pomwepo ndipo magazi akutherabe, pafunika kukayikira ngati ilidi TB. Analankhula ndi akuluakulu ake, ndipo sabata yomweyo tinapatsidwa kalata yopita ku chipatala chachikulu. Kumeneko anachotsa mwanabere mmodzi wathunthu m'khwapa, chimene amachitcha biopsy, ndipo tinadikira masabata atatu.

Tsiku la zotsatira adokotala anatikhazika pansi tonse atatu. Anati si TB. Ndinapumira m'mwamba. Anati si khansanso. Ndinapumanso. Kenako anatchula dzina limene ine, ndi zaka zanga zonse za choko, ndinali ndisanalimvepo: matenda a Castleman. Anawonjezera kuti ngakhale si khansa, amatha kupha msanga akapanda kuthandizidwa, komanso amatsegula khomo la khansa ya m'magazi yotchedwa lymphoma. Mng'ono wanga anandiyang'ana kuti ndimumasulire. Ndinalibe choti ndimuuze.

Kuyambira tsiku limenelo ndinabwerera pa desiki ngati mwana wasukulu. Zimene ndinaphunzira ndizilemba pano mwachidule, monga ndikanafotokozera m'kalasi.

Thupi la munthu lili ndi anabere mazana angapo, m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, m'chifuwa ndi m'mimba. Ali ngati malo ochitira chipikisheni: madzi a m'thupi amadutsa pamenepo, ndipo maselo oyera a magazi amene timawatcha asilikali a m'thupi amafufuza ngati mwalowa mdani. Akamupeza amachulukana, n'chifukwa chake pamatupa. Zifukwa zodziwika za kutupako ndi zilonda, zilonda za kukhosi, TB ndi HIV yomwe. Koma pali matenda ena osowa amene amatupitsa anabere pa zifukwa zina. Ena ndi ofatsa. Mwachitsanzo, matenda a Kikuchi-Fujimoto, amene anafotokozedwa ku Japan mu 1972, amatupitsa khosi ndi kutenthetsa thupi, amafanana ndi TB kapena lymphoma, koma kawirikawiri amatha okha pakapita miyezi yochepa. Ena ndi oopsa, ndipo Castleman ali m'gulu limeneli.

Dzinali likuchokera kwa Benjamin Castleman, dokotala wopima ziwalo pa Massachusetts General Hospital mumzinda wa Boston ku America. Mu 1954 anafotokoza za wodwala mmodzi, ndipo mu 1956 iye ndi anzake analemba za odwala 13 amene anali ndi chotupa chachikulu m'chifuwa chooneka ngati khansa koma chisali khansa. Mtundu umene iye anauona ndi wa malo amodzi. Umenewo akachotsa chotupacho pa opaleshoni, ambiri amachira. Pambuyo pake madokotala anazindikira kuti pali mtundu wina umene umagwira anabere a malo ambiri nthawi imodzi, pamodzi ndi kapamba ndi chiwindi. Umenewu ndi umene unagwira mng'ono wanga.

Mtundu wa malo ambiriwu ulinso pawiri. Kwa ena chimene chimayambitsa sichinapezeke mpaka lero. Kwa ena ndi kachilombo kotchedwa HHV-8. Kachilomboka anakatulukira ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore pa Columbia University ku New York mu 1994, ndipo anakapeza m'zotupa za Kaposi sarcoma, khansa ya pakhungu ija ya mawanga akuda m'miyendo imene ife a zaka za m'ma 1990 tinaiona pa abale athu ambiri. Chaka chotsatira, mu 1995, ofufuza a ku France anakapezanso mwa odwala Castleman. Kuno ku Africa kachilomboka n'kofala kwambiri. Kamafala makamaka kudzera m'malovu, nthawi zambiri munthu akadali mwana, ndipo ambiri amene ali nako amakalamba osadwala nako. Kamavuta makamaka chitetezo chikasokonekera, monga zimakhalira ndi HIV.

Chimene chinandidabwitsa, komanso kundipweteka chifukwa cha mawu anga a pakhonde aja, n'chakuti matendawa amatha kugwira ngakhale munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, asilikali ake ali ochuluka ndipo HIV yagonja m'magazi. Kukhulupirika kwa mng'ono wanga sikukanawatsekereza.

Nanga amadwalitsa bwanji? Kachilomboka kamalowa m'maselo a chitetezo otchedwa B, amene ntchito yawo ndi kupanga zida zomenyera matenda. Thupi lili ndi mthenga wotchedwa interleukin-6, amene amaitana chitetezo kuti chidzuke pakagwa ngozi. Kachilomboka kamapanga mthenga wake wofanana ndi ameneyu, komanso kamachititsa thupi kupanga wake wochuluka mopyola muyeso. Aphunzitsi anzanga, taganizani belu la pa asembule likulira tsiku lonse popanda wolimba. Ana akuthamanga uku ndi uku, palibe kalasi imene ikuphunzira, palibe akudya. N'chimodzimodzi m'thupi: limatentha, limatuluka thukuta, mafupa amachepetsa kupanga magazi, madzi amatuluka m'mitsempha n'kutupitsa miyendo. Belulo likaleka kwa kanthawi munthu amadzuka, n'chifukwa chake tinkaganiza kuti mankhwala a TB akugwira ntchito pamene matendawo anali atangopuma okha.

Kusiyana kwake ndi khansa kuli apa. Mu matenda a Castleman maselo amene akuchulukanawo ndi a mabanja ambiri osiyanasiyana. Mu lymphoma selo imodzi imasokonekera n'kuyamba kudzibereka yokha osaleka, mpaka ana ake ofanana ndendende adzaza paliponse. Ndiye maselo akamachulukana mopanikizidwa miyezi ndi zaka, kachilombo kali m'kati mwawo, mpata woti imodzi isokonekere umakula. Kafukufuku wa ku France amene anasindikizidwa mu 2002 anatsatira odwala 60 amene anali ndi HIV pamodzi ndi Castleman wa mtunduwu. Mwa iwo, 14 anadzadwala lymphoma. Ofufuzawo anawerengetsa kuti chiopsezocho chinali pafupifupi kuchulukitsa ka 15 poyerekeza ndi anthu ena amene ali ndi HIV koma alibe Castleman. Nditawerenga nambala imeneyi ndinatseka foni n'kutuluka panja.

Koma nkhaniyo sinathere mu 2002. M'zaka zotsatira madokotala anayamba kugwiritsa ntchito mankhwala otchedwa rituximab, amene amasaka maselo a B n'kuwachotsa, motero amachotsanso malo amene kachilomboka kamabisalamo. Odwala ambiri anayamba kukhala zaka zambiri, ndipo chiwerengero cha amene ankadzadwala lymphoma chinatsika kwambiri. Mankhwalawa ali ndi vuto lake: amatha kudzutsa Kaposi sarcoma mwa amene ali nayo kale, n'chifukwa chake nthawi zina amawaphatikiza ndi ena. Kwa odwala a mtundu uja wosadziwika chiyambi chake, mu 2014 ku America anavomereza mankhwala otchedwa siltuximab, amene amatseka pakamwa mthenga uja. Palinso dokotala wina wa ku America, David Fajgenbaum, amene anadwala yekha mtundu umenewu ali pasukulu ya udokotala, anatsala pang'ono kufa kangapo, ndipo mu 2012 anayambitsa nawo bungwe la Castleman Disease Collaborative Network lofufuza za matendawa.

Kwa zaka zambiri mabuku sankatchula kwenikweni matendawa ku Africa, ngakhale kuno n'kumene HIV ndi HHV-8 zili zochuluka. Mu 2011 pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe panatsegulidwa labotale yopimira ziwalo mothandizana ndi University of North Carolina. Pasanapite nthawi madokotala a kumeneko anayamba kuwapeza matendawa, ndipo mu 2014 analemba za iwo m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Kafukufuku wawo wotsatira anaonetsa kuti ambiri mwa odwalawo anali atapatsidwa kale mankhwala a TB asanadziwike chenicheni chimene akudwala. Ndiye kuti matendawa analipo pakati pathu kalekale, kungoti panalibe wowaika pa maikolosikopu. Ndimadzifunsa kuti mwa maliro onse amene tinaika tikunena kuti TB yakana mankhwala, angati anali ngati mng'ono wangayu.

Iye anasiya mankhwala a TB n'kuyamba kulandira mankhwala a m'diripu. Sizinali zophweka. Tinkadzuka mbandakucha kukakwera minibasi, ndalama za thiransipoti zinadya malipiro anga a miyezi ingapo, ndipo aphunzitsi anzanga anasonkha kawiri konse mu stafu rumu popanda ine kupempha. Amene munaponya kanthu m'mbale muja mukudzidziwa, Mulungu akubwezereni. Ulendo woyamba matendawo anagonja kenako anabwerera. Ulendo wachiwiri anasintha mankhwala, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2019 zotupazo sizinabwererenso. Akukhoma mipando, mwana wake woyamba analemba MSCE.

Sindinena kuti anachiriratu, chifukwa adokotala sananene choncho. Matendawa amatha kubwerera, ndipo chiopsezo cha lymphoma chinachepa koma sichinathe. Amapitabe kukaonedwa pa masiku amene anamupatsa. Anamuuza zoti azisamala nazo: chotupa chimodzi chimene chikukula mofulumira kuposa zinzake, kutentha thupi kosadziwika chifukwa chake, thukuta la usiku, kuonda, kupuma movutikira, mawanga akuda pakhungu kapena m'kamwa. Alamu amandiuza kuti m'mawa uliwonse akamasamba amadutsitsa zala m'khosi ndi m'khwapa. Akangotentha thupi pang'ono, ngakhale ndi chimfine, nyumba yonse imakhala chete. Ndi mmene akukhalira.

Ndinamupepesa chifukwa cha mawu a pakhonde aja. Zinanditengera chaka kuti ndichite zimenezi, poti ife akulu kupepesa kwa mng'ono kumatiuma pakhosi. Anali akupala thabwa ndipo sanaleke kupala.

"Achimwene, mawuwo anandipweteka kuposa matenda. Koma ndinu nomwe munandinyamula pokwera minibasi. Tizisiye."

Tsopano kwa inu ana anga akale. Ngati kope lija la Bayoloje likadali m'katoni penapake, litulutseni muwonjezere mzere umodzi pansi pa chiganizo changa chija. Mwanabere amene wakhala mwezi osaphwa, makamaka wosapweteka, wotuluka malo angapo, kapena wobwera ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda, apite naye kuchipatala. Akakupatsani mankhwala a TB imwani mokhulupirika, chifukwa nthawi zambiri imakhaladi TB ndipo imachizika. Koma pakatha miyezi iwiri popanda kusintha, bwererani mukafunse mwaulemu ngati n'kotheka kuchotsa chotupa chimodzi kuti chikapimidwe. Safunsa anadya phula. Funso limeneli ndi limene linapulumutsa mng'ono wanga, ndipo sindine ndinalifunsa.

Kwa inu aphunzitsi anzanga, makamaka a sayansi, mukudziwa mmene kumudzi amatitengera. Munthu akatupa, akatsokomola, akaona chachilendo pa mwana wake, amayamba kufunsa ife asanapite kuchipatala, ndipo zimene tanena amazitenga ngati lamulo. Ine ndinanena kuti aphwa yekha, ndipo munthu anataya mwezi wathunthu chifukwa chondikhulupirira. Masiku ano wina akanditsitsira kolala ndimagwira ndithu, kenako ndimamufunsa kuti zayamba liti, n'kumuuza kuti apite akaonedwe. M'kalasi ndimalembabe chiganizo chija, chifukwa chili mu silabasi ndipo mayeso amafunsa, koma ndikamaliza ndimaika choko pansi n'kuwauza ana nkhani ya kalipentala wina.

Kwa iwe mwana wanga wa gauni yoyera, ngati uwerenga izi: sindikukumbukira kuti unapeza mapointi angati pa Bayoloje, koma tsiku lija pabenchi paja unandiphunzitsa ndiwe. Banja lathu lonse likuti zikomo.

Ndalemba zambiri, mundikhululukire. Sabata yamawa sukulu ikutsegulira ndipo sikimu sindinayambe n'komwe. Amene muli ndi m'bale wodwala zofanana ndi zimenezi, ndipezeni, ndikuuzani njira imene ife tinadutsa. Khalani bwino nonse.